Ofufuza akundizemba: wachitetezo cha makompyuta pa yunivesite aphunzire chiyani?

Imelo iyi yagona m'bokosi langa masabata awiri chifukwa ndimafuna kuiyankha nditakhala pansi. Yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake ngakhale la sukulu yake. Ndaidulako pang'ono:

"Ndagwira ntchito ya chitetezo cha makompyuta ku banki zaka zinayi. Ndili ndi satifiketi ya Security+ ndipo ndikuwerengera CISSP. Miyezi isanu yapitayo ndinayamba ntchito pa yunivesite ina, ndipo abwana andipatsa mbali ya ochita kafukufuku, akuti ndiphunzitsenso anyamata awiri oti tizigwira limodzi. Vuto ndi lakuti ofufuzawo akundizemba. Amagula marauta awoawo, data amasunga pa Google Drive ya iwo eni, ndipo pulofesa wina anandiuza pamaso kuti ndine wapolisi wa pamsewu. Kodi pali kosi yoti ndichite? Nanga anyamatawa ndiwaphunzitse chiyani?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi chimene mwina simukufuna kumva: mwano unalipo ndithu, koma pulofesayo anaona china chake choona. Wapolisi wa pamsewu safunsa kumene mukuthamangira. Kaya mwanyamula wodwala, kaya mukupita ku ukwati, iye amaona liwiro ndi mapepala basi. Banki inakuphunzitsani choncho, ndipo ku banki n'zoyenera. Kumeneko kompyuta iliyonse ndi ya kampani, mapulogalamu ndi amodzimodzi, ndipo lamulo likachoka ku likulu limafika mpaka ku nthambi ya pa boma popanda wofunsa.

Yunivesite ndi mudzi wa mafumu ambiri. Labu iliyonse ili ndi nyakwawa yake, ndalama zake zochokera kwa opereka thandizo, tsiku lake loti ntchito ikhale itatha, ndi anzake a ku Liverpool kapena ku Baltimore amene akufuna kulowa mu seva inu muli m'tulo. Ophunzira amabwera ndi malaputopu awo, chaka chikatha n'kupita. Makina ambiri a m'labu anagula ndi pulofesa pa ndalama za pulojekiti imene analembera yekha, ndiye akamati "kompyuta yanga" sakunama.

Pa maphunziro anu munamva kuti chitetezo chimakhala pa mafuwa atatu: chinsinsi, kuti data isasinthidwe mwachinyengo, ndi kuti ipezeke ikafunika. (Ndikamati data sindikunena ya bandulo ayi, ndikunena zonse zimene wofufuza wasonkhanitsa.) Ku banki mphika umatsamira kwambiri pa chinsinsi. Koma munthu woyeza dothi kapena mvula akufunitsitsa dziko lonse lione manambala ake. Chimene chimamusowetsa tulo ndi chakuti nambala ingasinthe iye osadziwa, kapena ntchito ya zaka zitatu ingasowe tsiku limodzi. Pomwe mnzake wa khomo loyandikana, amene akufufuza za HIV, ali ndi mayina a anthu ndi midzi yawo, ndipo kwa iye chinsinsi ndi moyo wa munthu. Anthu awiriwa mukawapatsa lamulo limodzi, mmodzi mumupanikiza pachabe, winayo mumusiya pambalambanda.

Ine zimenezi sindinaziwerenge m'buku. Ndili mnyamata pa ntchito, pa pulojekiti ina ya zaumoyo, ndinapeza kompyuta ya m'labu yokhala ndi Windows yakalekale, yopanda antivirus, yolumikizidwa ku netiweki. Mtima unandiwawa. Lachisanu masana ndinaiikira antivirus, n'kutsegula kuti izilandira ma update yokha, n'kupita kunyumba ndikudzitama. Usiku kompyutayo inazima n'kudziyatsanso. Chimene sindinafunse ndi chakuti inkayendetsa makina oyezera magazi, ndipo makinawo anali pakati pa ntchito. Masampulo amene anyamata anakatenga kumidzi pa njinga zamoto anaonongeka, pulogalamu ya makinawo inakana kutseguka, ndipo tinadikira katswiri wa kampani yogulitsa makinawo masabata atatu. Mayi amene ankayang'anira labuyo sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Mwanawe, unayamba wafunsapo kuti makinawa amachita chiyani?" Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lokwanira.

Ndiye pa funso lanu la kosi: kosi imodzi yoti mukalipire n'kutuluka muli katswiri wothandiza ofufuza, musaitayire ndalama ngati wina akukutsatsani. Koma alipo anthu amene ntchitoyi aiganizira zaka zambiri, ndipo zambiri zimene analemba zili pa intaneti mwaulere.

Malo oyamba kuyang'ana ndi Indiana University ku America. Kumeneko kunayambira gulu lotchedwa Trusted CI, lolipiridwa ndi National Science Foundation, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa sayansi. Linayamba mu 2012 ndi dzina lina, ndipo mu 2016 linakhala likulu la bungwelo pa nkhani za chitetezo cha makompyuta a sayansi. Amene analitsogolera zaka zoyambirira ndi Von Welch. Chimene chimandisangalatsa ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Sankafika ndi chikalata cha malamulo. Ankagwirizana ndi pulojekiti imodzi ya sayansi, n'kuyenda nayo miyezi ingapo, kuphunzira mmene data yake imayendera kuchokera pa chipangizo mpaka pa pepala losindikizidwa, kenako n'kuthandiza eni akewo kupanga dongosolo lowayenera. Zimene anaphunzira anaziika mu Trusted CI Framework, yomwe ili ndi mfundo 16 pansi pa mizati inayi. Mzati woyamba sukamba za firewall (chotchinga cha pa khomo la netiweki) kapena mapasiwedi. Ukukamba zoti chitetezo chigwirizane ndi cholinga cha bungwelo. Zotchinga ndi zida, zimene ife a ICT timathamangira, zili kumapeto.

Mu 2019 anayambitsanso pulogalamu ya ma Fellows, ndipo apa pali phunziro la anyamata anu awiri. Amatenga anthu amene ali kale pakati pa ofufuza, ena asayansi enieni, ena oyang'anira data ndi makompyuta a m'madipatimenti, n'kuwaphunzitsa za chitetezo kwa miyezi ingapo, kuti akabwerera kwawo akakhale mlatho. Anaona kuti mawu ochokera kwa munthu wa m'labu momwemo amamveka msanga kuposa ochokera ku ofesi ya ICT. Pa Indiana pomwepo palinso ntchito yotchedwa SecureMyResearch: wofufuza amabwera ndi vuto lake, amamuthandiza mwaulere, ndipo analemba malangizo afupiafupi ngati a kaphikidwe, monga mmene ungatumizire mnzako wa kunja data ya odwala. Wofufuza amene akufuna kutumiza fayilo lero safuna chikalata cha masamba 40. Akufuna masitepe asanu.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani iyi ndimaikonda. Mmodzi wa anthu oyamba kugwira kazitape wa pa netiweki anali katswiri wa nyenyezi. Clifford Stoll, ku Lawrence Berkeley Laboratory mu 1986, anapatsidwa ntchito yoyang'anira makompyuta, n'kupeza kuti mawerengero a ndalama zolipirira kugwiritsa ntchito makompyutawo akusiyana ndi masenti 75. Anatsatira masentiwo miyezi yambiri mpaka anafika kwa Markus Hess wa ku Hannover ku Germany, amene ankagulitsa zimene waba kwa KGB, bungwe la akazitape la Soviet Union. Analibe satifiketi ya chitetezo. Anali ndi khalidwe la wofufuza: kulemba chilichonse m'kope ndi kusavomera nambala yosamveka. Anthu amene akukuzembaniwo ali ndi khalidwe lomwelo, ndipo mukawakopa adzakhala alonda abwino kuposa zida zodula.

Tsopano anyamatawo. Chinthu choyamba, mwezi woyamba asakhudze chilichonse. Aliyense asankhe labu kapena pulojekiti imodzi, azikakhala pa misonkhano yawo, apite nawo kumudzi kukasonkhanitsa data ngati n'kotheka, ndipo pomaliza ajambule pa pepala limodzi ulendo wonse wa data: imayambira pa tabuleti iti, imadutsa pa foni ya ndani, imagona pa seva iti, ndani ali ndi kiyi, kope lina lili kuti. Pepala limenelo akalionetse kwa mwini pulojekiti kuti alikonze. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri mwiniwakeyo aona koyamba pa pepalapo kuti data yonse ya chaka imagona pa laputopu imodzi ya wophunzira amene amakwera nayo minibasi.

Chachiwiri, aphunzire mmene ndalama ndi zilolezo za kafukufuku zimayendera, chifukwa malamulo enieni a wofufuza amachokera kumeneko. Awerenge pempho la ndalama limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Awerenge fomu imene wotenga nawo mbali amasaina, aone zimene analonjezedwa. Awerenge mgwirizano wogawana data ndi yunivesite ya kunja. Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku makomiti monga COMREC ndi NHSRC, ndipo tsopano tili ndi lamulo loteteza data ya anthu la 2024, kuwonjezera pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Mnzanu wa kafukufuku akakhala ku Ulaya, lamulo lawo loteteza data ya anthu la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, likutsatani kudzera mu mgwirizanowo. Akakhala ku South Africa ndi POPIA. Akakhala ku America mungakumane ndi HIPAA, lamulo la data ya odwala, kapena muyezo wa chitetezo wa NIST 800-171. Wachitetezo amene angathe kuuza pulofesa kuti "ndime iyi ya mgwirizano ndaiwerenga, tingaikwaniritse motere, ndipo ndakulemberani kale ndime ya chitetezo yoti muike mu pempho lanu" sadzazembedwanso. Adzayamba kuitanidwa pempho lisanatumizidwe, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ndalama za seva ndi backup (kope la data losungidwa padera) zingalowe mu bajeti.

Chachitatu ndi luso la manja, ndipo apa pali zinthu zimene banki sinakuphunzitseni. Makompyuta akuluakulu a sayansi amayenda pa Linux, anthu amalowamo ali kutali ndi makiyi a SSH (timafayilo togwira ntchito ngati pasiwedi), ndipo makiyiwo amayendayenda. Mu Meyi 2020 makompyuta amphamvu angapo a ku Ulaya, kuphatikizapo ARCHER ya ku Edinburgh, anatsekedwa akuba atalowa ndi zolowera zobedwa, kudumpha kuchokera pa sukulu ina kupita pa ina. Aphunzirenso chifukwa chimene firewall ya ofesi imachedwetsera mafayilo akuluakulu. Akatswiri a ESnet, netiweki ya asayansi ku America, anapanga njira yotchedwa Science DMZ: kagawo ka netiweki kapadera, kokhala ndi makina ochepa osamalidwa bwino a ntchito yotumiza data yokha, kotetezedwa m'njira yosatsamwitsa liwiro. Wofufuza amene fayilo yake ikutenga masiku atatu kudutsa pa firewall yanu adzagula rauta yake basi, ndipo marauta amene mukudandaula nawowo mwina anabwera choncho.

Makina akale a m'labu, ngati amene ndinaononga ine, aphunzire kuwamangira mpanda osawakhudza: kuwachotsa pa intaneti, kuwapatsa kanjira kamodzi kotulutsira zotsatira, kuletsa mafulashi a aliyense, ndi kusunga kope la disiki yonse kuti ikafa muibwezeretse. Ndipo popeza kafukufuku wambiri kuno amachitikira kumudzi, adziwe bwino mapulogalamu osonkhanitsira data a REDCap, ODK ndi KoboToolbox: tabuleti ikabedwa pa depoti muli chiyani mkatimo, ndi yokhomedwa kodi, ndipo wosonkhanitsa data amene kontilakiti yake inatha mwezi watha akadalowabe?

Pa backup ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mayunivesite akuluakulu anagwera. Pa 23 Disembala 2019, anthu akupita ku Khirisimasi, akuba anatseka maseva oposa 260 a Maastricht University ku Netherlands ndi ransomware, pulogalamu yokhoma mafayilo mpaka mwini wake atalipira dipo. Analowa kale mu Okutobala kudzera pa maimelo achinyengo, n'kukhala chete miyezi iwiri akuyendera nyumba yonse. Ena mwa ma backup anali pa netiweki yomweyo, ndiye nawonso anatsekedwa. Yunivesiteyo inalipira ma bitcoin 30, pafupifupi mayuro 200,000. Chimene ndimawalemekezera ndi chakuti mu Febuluwale 2020 anaitana anthu poyera n'kufotokoza zonse zimene zinalakwika, ndipo lipoti limenelo ndi buku labwino lophunzitsira anyamata anu. Mu Juni 2020 University of California San Francisco inalipira akuba madola 1.14 miliyoni kuti ibwezeredwe data ya sukulu yake ya zamankhwala. Ku Chile, malo oonera zakuthambo a ALMA, okhala ndi madishi 66 m'chipululu cha Atacama, ataukiridwa ndi akuba a pa intaneti anaima kuyambira pa 29 Okutobala mpaka pakati pa Disembala 2022. Data yawo sinabedwe, koma masiku 48 oonera thambo anapita, ndipo wofufuza amene anadikira chaka kuti apatsidwe maola ake sangauze nyenyezi kuti zibwerere. Backup imene simunayesepo kubwezeretsa musaiwerengere. Anyamata anu azibwezeretsa data ya pulojekiti imodzi mwezi uliwonse, mwini wake akuonerera, wotchi ili m'manja.

Za maimelo achinyengo, siyani kuphunzitsa mapulofesa ndi zitsanzo za "mwawina galimoto". Sakodwa nazo, ndipo amaona ngati mukuwachepetsa. Auzeni za Mabna Institute. Mu Malichi 2018 boma la America linatsegulira mlandu anthu 9 a ku Iran ogwirizana ndi kampani imeneyi, amene, malinga ndi chikalata cha mlanduwo, analowa m'mayunivesite 144 a ku America ndi 176 a m'mayiko ena, n'kuba data yopitirira ma terabyte 31. Nyambo yawo inali yotani? Imelo yooneka ngati yachokera kwa pulofesa wa sukulu ina, yoyamikira pepala limene munasindikiza, ndi linki yoti muone mapepala ena ofanana nalo. Linkiyo inkafunsa pasiwedi ya yunivesite. Maakaunti pafupifupi 8,000 anagwa. Ndani sakondwa akamva kuti wina wawerenga pepala lake? Mukawafotokozera zimenezi, ndiye n'kuwapempha kuti avomere sitepe yachiwiri yotsimikizira, monga kodi ya pa foni, polowa mu imelo, amamva.

CISSP malizani. Imafuna zaka zisanu za ntchito, inu mwatsala pang'ono, ndipo a ofesi yolemba anthu ntchito amaidziwa, malipiro amakwera. Ingodziwani kuti zambiri za ofufuza zimene ndalemba pamwambazi mulibemo. Ndipo ngati abwana sanasankhe kale anyamata awiriwo, ndikupempheni chinthu: mmodzi akhale wa ICT, koma winayo mumutenge pakati pa oyang'anira data a m'mapulojekiti. Amadziwa kale chilankhulo cha ofufuza, amadziwa kumene mafayilo amabisala, ndipo kumuphunzitsa netiweki n'kosavuta kuposa kuphunzitsa wa netiweki kuleza mtima ndi pulofesa amene watsala ndi maola 12 kuti atumize pempho. Komanso sindikubisirani: mukawaphunzitsa bwino, mabanki ndi makampani a mafoni adzawakopa ndi malipiro amene yunivesite singafike. Choncho chilichonse chimene aphunzira alembe, kuti akachoka nzeru zisapite nawo.

Musagwire nokha. Mayunivesite ali ndi mwambo wothandizana, chifukwa sapikisana pa chitetezo. Ku Britain bungwe la Jisc lili ndi gulu lothandiza mayunivesite akaukiridwa, ku America kuli REN-ISAC, ku Netherlands kuli SURF. Kuno tili ndi netiweki ya maphunziro ya MAREN, ku Zambia ZAMREN, ku Mozambique MoRENet, ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, limene limalumikiza manetiweki a maphunziro a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lili ku Lilongwe konkuno. A NSRC a ku University of Oregon akhala akuphunzitsa mainjiniya a manetiweki a mayunivesite a mu Africa zaka zambiri. Fufuzani maphunziro awo, ndipo koposa zonse pezani manambala a anzanu a m'mayunivesite ena tsiku loipa lisanafike. Wakuba amene wagogoda kwa iwo lero, mawa ali kwanu.

Mwina mukufunsa kuti ndiye sindidzakananso chilichonse? Mudzakana. Mayina a odwala pa Google Drive ya munthu payekha ndi chinthu choti chithe, chifukwa munthuyo akachoka ntchito data imapita naye, ndipo amene anasaina fomu kumudzi sanalonjezedwe zimenezo. Koma musanakane, funsani chifukwa chake anapita kumeneko. Kawirikawiri mudzapeza kuti seva ya sukulu imazima magetsi akathima, kapena mnzake wa kunja sangalowemo, kapena anapempha malo osungira miyezi inayi yapitayo osayankhidwa. Pamenepo vuto lili ku ofesi yanu, ndipo mukaletsa Drive musanakonze zimenezo, data isamukira pa WhatsApp, kumene simudzaionanso.

Za pulofesa uja, musamulembere imelo. Pitani ku ofesi yake opanda laputopu, mutenge kope ndi cholembera, mumupemphe mphindi 30 kuti akufotokozereni kafukufuku wake. Sindinaonepo pulofesa wokana pempho limenelo, ndipo mphindi 30 zidzakhala ola. Chakumapeto mumufunse mafunso awiri: ndi fayilo iti imene itasowa mawa ntchito yake ingaime, ndipo ndi lamulo liti la ofesi yanu limene limamuchedwetsa kwambiri. Fayiloyo muisungire kope sabata yomweyo. Lamulolo mukalione bwino ngati likutetezadi china chake, kapena munangobwera nalo kuchokera ku banki. Mukatero mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti anatchula lamulo liti.